ZA CIPERONI, CISANU NDI CIPALE COFEWA

Mwezi wa Juni ukafika, ife a kuno ku Misesa tidzuka tsiku lina mamawa ndi kupeza phiri la Soche losaoneka. Dzulo lace linali poyera, miyala yace yonse yowerengeka. Lero nkhungu yalikuta kuyambira pamwamba kufikira ku nyumba za m'munsi, ndipo kamvula kosamveka pa malata kalikuwaza kosaleka. Ana anka ku sukulu manja ali m'khwapa, amai onka ku msika wa ku Limbe apfunda nsaru ziwiri, ndipo onse okomana pa njira anena mau amodzi: "Kwazizira lero." Nyengo imeneyi tiicha ciperoni, ndipo palibe mwana wa ku Bangwe, ku Ndirande kapena ku Zingwangwa wosaidziwa.

Koma ana athu ambiri sakhalanso kuno. Ena ali ku Joni, ena ku Cape Town, ena ku Ulaya ndi ku America. Ndipo nthawi zina atumiza pa foni zithunzi zao ataima pakati pa cinthu coyera cimene cakuta mseu, madenga ndi magalimoto. Agogo poona afunsa, "Kodi ndi ufa umenewu, kapena ndi matalala?" Ana aseka, koma funsolo nlabwino, pakuti ambiri a ife sitidziwa kuliyankha. Ndipo kusadziwaku kuli ndi ngozi yace: munthu woyesa kuti kuzizira konse nkumodzi adzanka ku dziko la eni ndi juzi lomwe limamkwanira ku Misesa, ndi nzeru zomwe zimamkwanira ku Misesa. Cifukwa cace tayesa nkoyenera kulongosola mau athu a kuzizira, kumene kuzizirako kucokera, ndi umo kuphera munthu.

1. Mau athu a kuzizira

Tiyambe ndi mneni, amene tsinde lace ndi -zizira. Ponena za nyengo tiika ku- patsogolo, monga ticita ndi "kwaca", "kwada", "kwatentha". Titi "kwazizira", osachula cinthu cimene cazizira, pakuti tinena za malo onse. Ponena za cinthu, mneni atsata cinthuco: madzi azizira, nsima yazizira, phala lazizira. Koma ponena za munthu wamoyo ticenjere. Titi "mwana wazizidwa", ndiko kuti kuzizira kwamgwira iye. Tikati "wazizira", timveka ngati tinena za thupi limene moyo walicokera.

Kuposa kuzizidwa ndiko kukongwa. Wozizidwa ayenda nacita nchito yace; wokongwa zala zace zauma, ndipo ife ophunzitsa timdziwa pomuona alephera kugwira pensulo m'phunziro loyamba la mamawa.

Mau akuti mphepo tinena nao zinthu ziwiri. Mphepo ndiyo iomba nigwedeza mitengo. Koma munthu akhoza kunena "Ndirikumva mphepo" ali m'nyumba, kunja tsamba losagwedezeka. Makolo athu sanalakwa pakupatsa zinthu ziwirizi dzina limodzi, pakuti thupi la munthu lifunditsa kampweya kokhala pafupi ndi khungu, ndipo mphepo ikaomba icotsa kampweyako, thupi liyambanso kufunditsa kena, kufikira litatopa.

Cisanu ciri ndi matanthauzo atatu: kuzizira kwenikweniko, nyengo yace ya kuzizirako, kuyambira Meyi kufikira kuciyambi kwa Ogasiti, ndiponso kanthu koyera kogona pa udzu mamawa ku malo okwera. Mau awa alembedwa cimodzimodzi ndi cisanu ca kuwerenga, monga m'dzina la tsiku Lacisanu, koma ndi mau ena ndithu.

Pano tikonzenso colakwa cimene ticiona kawiri-kawiri m'zolemba za ana a sukulu. Pomasulira nkhani za ku Ulaya, ena alemba dzinja pamene anayenera kulemba cisanu. Dzinja ndi nyengo ya mvula ndi kulima, ndipo kwathu kuno dzinja nlotentha. Pambuyo pace pabwera masika, nyengo ya zakudya zatsopano ndi kukolola, pamenepo cisanu, pamenepo malimwe, nyengo ya dzuwa lalikuru.

2. Kumene ciperoni cicokera

Dziko lapansi lizungulira dzuwa lopendekeka. Mu Juni ndi Julayi mbali ya kumpoto ndiyo yapendekera kudzuwa, ndipo ife okhala kumwera tilandira dzuwa lofooka ndi usana waufupi. Ku Blantyre usana wa pa 21 Juni uli ndi maora ngati 11, pamene wa mu Disembala ufika maora 13. Cifukwa cace nyengo zathu zisemphana ndi za ku Ulaya: wokwera ndege ku Chileka mu Disembala, thukuta liri kamu-kamu, akatsika ku London pakati pa cisanu.

Caciwiri ndico kukwera kwa malo. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kutsika ndi madigiri ngati 6. Amene anakwerapo minibasi kucokera ku Chikwawa adziwa kuti ku cigwa ca Shire acoka atabvala malaya okha, koma pofika ku Blantyre, mzinda wokwera mamita oposa 1,000, afuna juzi. Usiku wa mu Juni ndi Julayi kuno coyesera kutentha cisonyeza kawiri-kawiri madigiri 12 kapena 13, ndipo usiku wina citsika koposa.

Cacitatu ndiyo mphepo. M'miyezi imeneyi mphepo yozizira ndi yonyowa icokera ku nyanja yamcere ya Indian Ocean, nidutsa dziko la Mozambique kucokera kumwera ca kum'mawa. Ikafika pa mapiri a Mulanje, Thyolo ndi Blantyre ikakamizika kukwera. Pokwera izizira, ndipo cinyezi cace cisanduka nkhungu ndi mvula yowaza. Dzina lace licokera ku phiri la Chiperone, la ku Mozambique, kumwera kwa Milange, mbali yomwe mitamboyo ionekera. Ciperoni cikhala masiku awiri kapena atatu, nthawi zina sabata lathunthu. Sitingaciche coipa cokha-cokha, pakuti tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje apulumuka naco m'miyezi yopanda mvula.

Mphepo yomweyo ikafika pa nyanja ya Malawi ichedwa mwera, ndipo taonani kuti mau akuti kumwera ndi kumpoto ali pa cibale ndi maina a mphepo ziwiri, mwera ndi mpoto. Asodzi aopa mwera, ndipo aopa coona. Pa 30 Julayi 1946, pakati pa nyengo yace ya mwera, sitima ya Vipya inagubuduzika m'namondwe kufupi ndi Florence Bay, kumpoto kwa nyanja, nafa anthu 145.

3. Cisanu ca pamapiri ndi m'madambo

Ciperoni cikapita, thambo liyera, ndipo usiku wotsatawo ndiwo uzizira koposa. Mitambo iri ngati gombeza la dziko. Ikacoka, kutentha kumene nthaka inalandira usana kuthawira kumwamba. Mpweya wozizira ngwolemera, ndipo utsikira m'madambo monga acita madzi. Cifukwa cace alimi a ku malo okwera, monga ku Dedza, ku Viphya ndi ku Nyika, apeza mamawa udzu wa m'dambo utayera, pamene pa citunda pali mame okha.

Madzi aundana kutentha kukatsika kufika pa 0. Cinyezi cogona pa udzu cisanduka timiyala ta madzi tosaoneka bwino, ndipo madzi a m'kati mwa tsamba aundana nang'amba minofu yace. Dzuwa likaturuka, masamba a tomato ndi a mbatata m'dimba akhala akuda ngati apsa. Ndico cifukwa alimi anena kuti "cisanu caocha mbeu", ngakhale moto sunapitepo.

Nsonga ya Sapitwa, pa phiri la Mulanje, ndiyo malo okwera koposa onse m'dziko lathu, mamita 3,002. Tiwerenge: iposa Blantyre ndi mamita ngati 2,000, ndiko kuti kumeneko kuzizira koposa kuno ndi madigiri ngati 12. Usiku umene ife tiona 12, pa Sapitwa madzi ali pafupi kuundana. Mu Julayi 2009 mlendo wina wa ku Brazil, mnyamata wamphamvu ndi wophunzira, anasiya womtsogolera nakwera yekha nsongayo ndi zobvala zopepuka. Mitambo inatseka phiri, iye nasokera. Ndipo mtembo wace unapezeka mu Ogasiti, atapita masabata oposa awiri. Cinamupha ndi kuzizira. Tisayese tsono kuti imfa ya cisanu iri kutali ndi Malawi.

4. Cipale cofewa nciani

Ngakhale tiri naco cisanu, cinthu coyera cija ca m'zithunzi siciri m'nyengo za dziko lathu. Kuti cigwe pafunika zinthu ziwiri pamodzi, mitambo yonyowa ndi mpweya wozizira pafupi ndi 0 kuyambira kumwamba kufikira pansi. Kwathu masiku onyowa sazizira kotere, ndipo usiku wozizira kotere ulibe mitambo.

Popeza cinthuco panalibe, dzina lace panalibenso. Omasulira Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa lathunthu m'caka ca 1922, anakomana nalo bvuto limeneli. Pena analemba matalala, pena cipale cofewa. Mau aciwiriwa ndiwo akhazikika m'mabuku, ngakhale ena lero angoti sinowo. Koma funso la agogo lija tiliyankhe bwino: matalala ndi cipale cofewa ndi zinthu ziwiri. Matalala abadwa m'mitambo ya mabingu ya nyengo yotentha. Madontho a mvula aponyedwa kumwamba ndi mphepo, naundana, nagwa olimba ngati miyala, naboola fodya ndi cimanga, nasungunuka msanga. Cipale cofewa cibadwa pamene cinyezi ca mu mtambo ciundana cisanakhale dontho. Cipanga timaluwa ta nsonga zisanu ndi imodzi, togwa mwakacete-cete ngati thonje louluzika. Ncopepuka kotero kuti cipale cozama masentimita 10 cikasungunuka cisiya madzi ngati sentimita imodzi. Koma kukapitirira kuzizira sicisungunuka. Ciunjikana tsiku ndi tsiku, citseka miseu ndi zitseko, cithyola nthambi ndi mawaya a magetsi.

Si ife tokha tinazizwa naco. M'caka ca 1848 Johannes Rebmann, wa ku Germany, anaona cipale cofewa pamwamba pa phiri la Kilimanjaro. Ndipo polemba za ici, ophunzira ena a ku England anakana, nati ku Africa kotentha sicingakhaleko. Anaiwala lamulo lija la kukwera, pakuti phirilo litalika mamita 5,895.

Coopsa koposa ndi pamene cipale cigwa pamodzi ndi mphepo yamkuntho. Pamenepo kumwamba ndi pansi ziyera cimodzimodzi, ndipo munthu asokera pa mtunda waufupi wa pakati pa galimoto ndi nyumba. Mkuntho wotere unagwa pa mzinda wa Buffalo, ku America, masiku a Khirisimasi m'caka ca 2022, nupha anthu oposa 40 m'dera limenelo. Ena anapezeka m'magalimoto ao, ena pa njira, atakwiririka.

5. Cisanu ca ku Joni

Tisafune zitsanzo kutsidya kwa nyanja kokha, pakuti dziko limene ana athu acurukako liri naco cisanu cace. Johannesburg ndi mzinda wokwera mamita oposa 1,700, ndiponso uli kutali kumwera; usiku wa mu Juni ndi Julayi kutentha kutsika pafupi ndi 0, ndipo usiku wina kupitirira pamenepo.

Makolo athu analawa cisanu cimeneci kale. Zaka zoyamba za m'ma 1900, amuna a ku maiko otentha, a ku Nyasaland pamodzi, anatengedwa kukagwira nchito m'migodi ya golidi. Anaturuka m'mgodi wotentha, thupi liri thukuta, nalowa m'mphepo ya usiku, nagona othinana m'makomboni; ndipo cibayo cinawapha ocuruka kotero kuti m'caka ca 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anchito ocokera ku maiko otentha a kumpoto. Kulembako kunayambanso m'zaka za m'ma 1930, ndipo dzina la bungwe lolemba, Wenela, likali pa malo okwererapo mabasi mu Blantyre kufikira lero.

Cipale cofewa cigwa zaka zonse m'mapiri a Lesotho ndi Drakensberg, koma mu Johannesburg cigwa mwa apo ndi apo: cinagwa cambiri pa 10 Seputembala 1981, cinagwanso pa 7 Ogasiti 2012 ndi pa 10 Julayi 2023. Pa 20 ndi 21 Seputembala 2024, pamene anthu anayesa kuti cisanu catha, cinagwa cocuruka pa mseu waukuru wa N3, wocokera ku Johannesburg kunka ku Durban, maka-maka pa cikweza ca Van Reenen. Magalimoto, mabasi ndi malole anaima usiku wonse osakhoza kunka kutsogolo kapena kubwerera, ndipo mkazi wina wa m'minibasi anafa nako kuzizira. Mseu umenewo Amalawi ambiri auyenda. Cakudza siciyimba ng'oma. Woyenda ulendo wautali m'dziko limenelo anyamule gombeza, madzi ndi kamba, ngakhale pocoka dzuwa liri bwino.

6. Umo kuzizira kuphera munthu

Thupi la munthu wamoyo likhala pa madigiri 37, ndipo moto wace ndi cakudya. Kutentha kwa m'kati kukatsika kupitirira 35, ngozi yayamba. Poyamba munthu anjenjemera, mano nagundana; uku ndiko kuyesayesa kwa thupi kudzifunditsa. Pambuyo pace zala zilephera kumanga batani, miyendo ipunthwa, lilime lilemera, nzeru zisokonezeka, kotero kuti womuona ayesa waledzera. Potsiriza kunjenjemera kuleka, tulo tifika, ndipo ena abvula ndi zobvala zomwe poyesa kuti atenthedwa. Cizindikilo ici cigwireni: wokongwa akaleka kunjenjemera asanafunditsidwe, sanacire iai, ali pafupi kufa.

Izi sizifuna cipale cofewa. Madzi acotsa kutentha kwa thupi msanga koposa mpweya, kakhumi kawiri ndi kupitirira. Cotero munthu wonyowa ndi ciperoni, woombedwa ndi mphepo, wopanda kanthu m'mimba, akhoza kufika pa ngozi ngakhale madzi sanaundane. Amene tiwaopera kuno ndiwo makanda, nkhalamba zogona zokha, odwala, alonda a usiku, a kabaza olawira mbanda kuca, ana ogona m'makonde a masitolo ku Limbe, ndi woledzera wogwa m'ngalande pobwerera kwao.

Za kacasu tinene poyera, pakuti ambiri akhulupirira kuti afunditsa. Mowa utsegula mitsempha ya pakhungu, mwazi wofunda nuthamangira kunja. Munthu amva kufunda, koma kutentha kwa m'kati kulikutayika, ndipo nzeru yakufuna pobisala yacepa.

Mukapeza wokongwa, mlowetseni m'nyumba mosamgwedeza kolimba, mumbvule zonyowa, mumpfunditse zouma kuyambira kumutu, ndi kuyala kanthu pansi pace. Funditsani cifuwa ndi mimba poyamba. Munthu wina agone naye m'gombeza limodzi. Ngati ali maso ndi kukhoza kumeza, mpatseni tiyi wa shuga kapena phala; mowa ai. Musamsisite miyendo ndi manja, musamsendeze pamoto, pakuti khungu lacita dzanzi ndipo lipsa iye osamva. Wosokonezeka nzeru kapena wosadzuka anke naye ku cipatala msanga. Khanda libvekedwe cipewa ndi kugona pa cifuwa ca amace, khungu pa khungu, monga aphunzitsa anamwino. Ndipo lobadwa kumene lisasambitsidwe tsiku loyamba.

Ku maiko a cipale kulinso bvuto lina: zala, makutu ndi mphuno ziundana, ziyera, zicita dzanzi, ndipo zikacedwa kuthandizidwa zibvunda nizidulidwa. Mankhwala ace oyamba ndi madzi ofunda, osati otentha. Kubvala kwace ndiko kusanjikiza zobvala zingapo, pakuti mpweya wotsekeredwa pakati pa nsaru ndiwo usunga kufunda. Cakunja cikhale cosalowa madzi ndi mphepo, ndipo mutu, manja ndi mapazi zisakhale pamtunda.

7. Moto umene tiuyesa bwenzi

Tsopano tifike pa mwambo. Makolo athu analimbana naco cisanu ndi moto. Pakati pa nyumba panali mafuwa, ndipo cikuni cacikuru cinanyeka usiku wonse. Ana anaocha mbatata namva nthano, pakuti nchito ya kumunda inali itatha. Mamawa onse anaturuka kukaothera dzuwa. Mwambo umenewu unayenerana ndi nyumba zao: denga linali la udzu, pakati pa khoma ndi denga panali mpata, citseko cinali ca bango kapena nsungwi, ndipo utsi wa nkhuni unaturuka wokha, ukacuruka unawawa m'maso nudzutsa ogona.

Ife tasunga mwambo, koma tasintha nyumba ndi nkhuni. Zipinda za ku Misesa, ku Chilomoni ndi ku Machinjiri nza njerwa ndi malata, mazenera agalasi. Ndipo ciperoni cikafika titseka ndi nsanza mipata yotsala. M'malo mwa cikuni tilowetsa mbaula ya makala. Makala alibe utsi wocenjeza munthu. Ponyeka m'cipinda cotseka aturutsa mpweya woipa wochedwa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha. Mwazi wa munthu uumirira mpweya umenewu koposa mpweya wabwino wa okosijeni, nthawi zoposa 200. Cotero munthu apuma, koma thupi lace liri ngati lotsamwa. Mutu uwawa, cizungulire cifika, mseru, kufooka, tulo. Ambiri ayesa ndi malungo nagona. Ndipo mamawa anansi athyola citseko napeza banja lonse liri cigonere. Cizindikilo cace ndi ici: anthu onse a m'cipinda cimodzi akadwala mutu nthawi imodzi, ndi kupeza bwino poturuka kunja, si malungo amenewo. Tsegulani citseko ndi mazenera, turutsani onse kubwalo, nimunke nao ku cipatala.

Ku South Africa mbaula aicha imbawula, mau ofanana ndi athu, ndipo caka ndi caka nyengo ya cisanu akuru a boma acenjeza anthu okhala m'tinyumba ta malata za imfa yomweyi. Ana athu ku Joni akhala m'tinyumba totere, kumene kuzizira kuposa kwa kuno, ndipo ciyeso ca kugona ndi mbaula cikula momwemo. Ngakhale maiko olemera sapulumuka. Mu Febuluwale 2021 cisanu cacikuru ndi cipale zinagwa ku Texas, dera la America losazolowera kuzizira. Magetsi anazima kwa anthu mamiliyoni, ndipo boma la deralo linawerenga akufa 246. Ambiri anafa ndi kuzizira, koma ena anafa ndi mpweya woipa uja, polowetsa makala m'nyumba kapena polizitsa injini ya galimoto m'garaja yotseka. Wotsekeredwa ndi cipale pa mseu akhale m'galimoto, osayenda pansi. Alize injini kanthawi kocepa kokha, ataona kuti paipi ya utsi siinatsekeke ndi cipale, ndi zenera lotsegula pang'ono.

Lamulo tsono ndi limodzi, ku Misesa ndi ku Joni komwe: othani mbaula muli maso, zenera liri lotsegula, pofuna kugona iturutseni kubwalo, ngakhale makala aoneka ngati azima. Ndiponso mwana wokwawa ndi munthu wa khunyu asatsale okha pafupi ndi moto, pakuti nyengo ya cisanu ndiyo nyengo ya mabala a moto. Wofuna umboni akaone cipinda ca opsa ku cipatala ca Queen Elizabeth.

Mau otsiriza

Taona kuti ciperoni, cisanu ca pa udzu ndi cipale cofewa ndi makwerero atatu a cinthu cimodzi, ndi kuti nzeru za makolo zinakonzedwa pa khwerero loyamba, m'nyumba ya udzu. Nzeruzo sitizitaya, koma tizionjezere. Inu akuru, mwana wanu asanakwere basi pa Wenela, muuzeni za kunyowa, za mowa ndi za mbaula. Ndipo iye akafika afunse eni dziko mabvalidwe ao, pakuti safunsa anadya phula. Inu ophunzitsa, phunzitsani ana kusiyanitsa matalala ndi cipale cofewa, dzinja ndi cisanu, ndiponso muyang'ane amene wabwera wopanda juzi. Ndipo ife tonse, tsiku limene Soche abisala m'nkhungu, tigogode pa citseko ca nkhalamba yogona yokha, timpatse mlonda tiyi ndi gombeza lakale, tifunse mnansi ngati waturutsa mbaula yace. Wozizidwa athandizika ndi zinthu zazing'ono zotere, zimene ziri m'nyumba iri yonse, ngati wina wamuona nthawi ikalipo.